Mgolo Wodulidwa Pakati

Kuseri kwa garaja ya matayala ku Wolverhampton
ndili ndi chipinda chozizira, sikelo, ndi migolo yabuluu.
Ntchito yanga n'kutumiza kumudzi
zimene anthu agula ndi tulo tawo.

Poyamba ndinalemba malamulo masamba anayi,
zilembo zing'onozing'ono ngati nthanga za fodya.
Aliyense ankasaina pansi osawerenga.
Kenako mgolo wa Mayi Kalinde unafika ku Kanengo
diresi laukwati litamwa malita asanu a mafuta ophikira.
Anandiimbira usiku. Ndinati, “Zili pa tsamba lachitatu.”
Iwo anati, “Ndiye mwana wanga avale tsamba lachitatulo?”

Ndaziona, mwana wa mlongo wanga,
amakonza maphunziro a anamwino kuchipatala.
Anabwera Loweruka mvula ikuwaza, jekete osavula,
nawerenga masamba anga ataluma cholembera chofiira.
“Malume, munthu akatuluka pakhomo apa,
mukufuna manja ake akachite chiyani?”
Ndinayamba za msonkho, za sitima, za doko la Beira.
“Ayi. Manja.”
Ndinakhala duu mpaka ketulo inawira.

Zinatsala zitatu zokha.
Zolemera pansi.
Zamadzimadzi m'majumbo awiri, omanga pawiri.
Mpata uliwonse utsekedwe ndi zovala.
Zinazo, anati, zidikire tsiku lake;
mlendo sumuonetsa mudzi wonse
asanatule katundu.

Tinabwereka sowo kwa Harjit wa matayala uja,
tinadula mgolo umodzi kuchokera kukamwa mpaka kutsinde,
n'kuuimika pakhomo, mimba ili poyera:
mpunga ndi zitini pansi, nsapato pakati,
mabulangete pamwamba ngati thovu.
Tsopano wobwera koyamba sindimulalikira.
Ndimamupatsa botolo la madzi ndi majumbo awiri:
mangani ndione.
Akatha, timagoneka mgolo n'kuugubuduza pasimenti.
Ukalira gobede gobede, wadziyankha yekha.

Sikuti zinayenda tsiku lomwelo.
Bambo Kamchacha anaika laputopu pansi penipeni,
akuti ndi imene inawalemera kwambiri m'thumba.
Ndinafuna kuseka. Ndaziona sanaseke.
“Wolakwa si iwo, Malume, ndi khadi lathu.”
Tinafufuta mawuwo n'kujambula thumba la mpunga.
Khadi lili pakhomapo n'lachisanu ndi chimodzi,
ndipo mwina silomaliza.

Za msonkho ndimanena mgolo ukatsekedwa.
Za Beira ndimanena pakapita masabata asanu,
mtima wa munthu ukayamba kufunsa wokha.
Mayi Kalinde anabwereranso mu Novembala.
Sanandipatse moni wambiri,
koma ndinawamva akuuza mtsikana wa ku Walsall,
“Iwe, jumbo lachiwiri lili kuti?”

Dzulo kunabwera bambo wina, Chimtengo,
yunifolomu ya dalaivala wa basi ili m'thupi,
ndi masutikesi atatu a zovala za malemu akazi awo,
zoti abale akagawane ku Ntcheu.
Anayang'ana mgolo wodula uja nthawi yaitali.
Analongedza bwino kuposa onse amene ndaphunzitsapo:
makina osokera pansi,
mafuta odzola m'majumbo awiri,
madiresi opindapinda m'mipata yonse.
Tinagubuduza. Zii.

Ndikutenga chotsekera, anati, “Dikirani.”
Analowetsa mkono mpaka m'phewa
n'kusolola juzi yobiriwira, yothothoka m'zigongono,
naiika mkati mwa jekete lawo.
Tinagubuduzanso. China chake chinagogoda m'katimo,
pang'ono chabe, ngati munthu wamanyazi pachitseko.

Pakhadi palibepo zimenezi.
Ndinavula sikafu yanga,
ndinaikanikizira pamene panali juzi paja,
ndipo tinagwirizira chivundikiro awiriwiri
mpaka chitsulo chinaluma.