Khutu pa Chitsulo

Pagalaja ya a Miti, kuseri kwa msika wa Kapata,
sitifunsa mwini galimoto kuti chavuta n'chiyani.
Amanama eni magalimoto.
A Miti amatola sikuludilaiva yaitali ya chigwiriro chong'aluka,
nsonga pa injini, chigwiriro pakhutu,
n'kutsinzina ngati akulandira uthenga wa maliro.

Ndinafika kwa iwo nditalephera giredi naini kawiri.
Anayang'ana zala zanga, osati chitenje changa.
"Zelipa, injini ndi chifuwa.
Imakoka mpweya, imaufinya, imaphulitsa, imalavula utsi.
Kanayi. Werenga."
Ndinawerenga, dzanja lili pa pisitoni ya Korola yakufa:
kutsika, kukwera, kutsika, kukwera,
mavalavu akuyasama ndi kutseka
ngati mlamba woponyedwa pamtunda.

Ya petulo imadikira wina aiyatsire.
Pulagi ndiyo machesi ake,
kamphezi kochepa ngati njere ya mawere
koyenera kugwa pa nthawi yake yeniyeni.
Kakachedwa, galimoto imatsokomola pachitunda cha Kanjala
ana a sukulu n'kuipitirira wapansi.

Ya dizilo sipempha moto kwa munthu.
Imafinya mpweya, kufinya, kufinyabe,
mpaka mpweyawo utapsa mtima wokha,
jekeseni wa mafuta n'kulasa pomwepo.
N'chifukwa chake imagogoda polankhula.
N'chifukwa chake Kanta ya a Shawa,
matumba a nshawa atafika pamwamba pa denga,
imachoka ku Chadiza ikudandaula njira yonse
koma imafika.
"Amayi ako ndi dizilo," anandiuza tsiku lina a Miti.
Sindinaseke.
Ndinawaona chaka chimene bambo anapita ku Lusaka osabwerako.

Ndiye pali kanjinga kamoto ka Yotamu wa ku Mchini,
kopuma kawiri m'malo mwa kanayi,
kakumwa oilo ndi petulo m'chikho chimodzi.
Kamalira ngati udzudzu wolowa m'chitini,
utsi wabuluu kuyambira ku Nabvutika mpaka ku Mwami.
Kamabwera Lolemba lililonse.
Yotamu salipira.

Mwezi watha, mphepo ya fumbi ili pakati,
inalowa galimoto yoyera ya namwino wa ku chipatala chachikulu.
Sitinaimve.
Galu wathu, wothawa ngakhale wilibala,
anagonabe mpaka tayala litamukhudza mchira.
Namwino anati ili ndi mitima iwiri.
Poyenda pang'onopang'ono imakokedwa ndi maginito
ozungulira pakati pa mawaya a mkuwa,
petulo ali mtulo.
Amadzuka batire ikatopa, kapena phiri likakula.
Ukaponda mabuleki imatolera mphamvu n'kubwezera m'batire
ngati mayi wotola chimanga chogwa pachigayo.

A Miti anatsegula boneti.
Anatola sikuludilaiva yawo.
Nsonga inkalunjika pa chingwe cha mtundu wa lalanje
ndipo ndinawagwira dzanja,
ine, amene sindinawadulepo mawu zaka zisanu ndi chimodzi.
"Chimenecho chimapha, aphunzitsi."
Ndinaziwerenga usiku pafoni ya mlongo wanga
malaiti atazima.

Anasuntha nsonga, naiika pa chitsulo chabe.
Anatsinzina nthawi yaitali.
Kumsika wina ankaitanira tomato.
"Palibe munthu muno," anatero,
napukuta manja omwe sanade,
nakakhala pa tayala lakale pansi pa mtengo wa mango.

Ine ndinalumikiza kachipangizo kobwereka pansi pa chiwongolero.
Manambala anabwera okha, ozizira, opanda mawu.
Sefa ya kamphepo koziziritsa batire inali itadzaza fumbi la ku Chipata,
basi.
Ndinaipemerera, namwino analipira ine,
galimoto inatuluka monga inalowera.

Dzuwa litapendeka sanalankhulebe.
Kenako, kutali, cha kumsewu wa ku Lundazi,
udzudzu uja m'chitini.
A Miti anapendeketsa mutu, diso limodzi lotseka.
"Pulagi yada," anatero. "Tenga sipanala, Zelipa.
Ndipo lero alipire."