Puleti Yoyang'ana Kumbuyo

Kilachi yatsopano ndinamanga Lachiwiri
pansi pa mtengo wa nimu, kuseri kwa msika wa Ngabu,
dzuwa likuwotcha masipanala
mpaka kuwagwira ndi chisanza.
Lachitatu m'mawa pikapu ya Mayi Nyakhuwa
inakana giya.

Injini ikakhala chete
ndodo imalowa ngati mpeni m'papaya,
wanu, thuu, rivesi, zonse myaa.
Ukangoliza, mano ayamba kukukuta
ngati galu wolandidwa fupa,
galimoto n'kumakwawa yokha phazi lili pansi.

Mayiwo anaima potero, manja m'chiuno.
Mbuzi khumi ndi zinayi zikulira m'khola la eni,
wogula akudikira ku Blantyre,
ndipo chitunda cha Thabwa sichikwereka ndi mapemphero.

Ndinati ndi mpweya walowa m'paipi.
Zuze, kwera. Popa. Popa. Gwira pomwepo.
Ndinamasula kabawuti,
mafuta n'kundilavulira thovu kumaso.
Popanso.
Botolo lathunthu linathera m'fumbi.
Pedulo inalimba, giya osalowa.

Ndinati ndi kandodo ka pedulo kafupika,
ndinakatalikitsa mizere itatu. Ayi.
Ndinati silinda yam'mwamba yatopa,
ndinakwera minibasi kukabwereka ina
kwa Fulukiya wa mathirakitala ku Nchalo.
Ayi ndithu.

Ndinatukwana wa sitolo ku Limbe,
ndinati amatigulitsa zinyalala m'makatoni okongola
poti ndife akuchigwa.
Ndinatukwana madzi osefukira aja
amene anasiya matope m'mimba mwa galimoto iliyonse kuno.
Ndinatukwana ngakhale phazi la dalaivala.

Madzulo, udzudzu utayamba kutolera msonkho wake,
tinatsitsanso giyabokosi.
Chitsulo chija chimalemera kawiri
ukamachitsitsa kachiwiri.
Chinakhala pachifuwa panga ngati ngongole.

Zuze anaunika ndi foni.
Mwana amene ndimamutuma mandasi ndi fodya,
ndevu zisanaganize n'komwe zomera,
anapukuta puleti ndi chala,
anayang'ana, anayang'ananso,
kenako anayankhula motsitsa ngati ali pamaliro:
Bwana, timalembo iti tikuti
mbali iyi iyang'ane ku injini.

Ndinaibweretsa pafupi. Ndinaitalikitsa.
Ndinangoona chitsulo chotuwa, chosalala,
chopanda mawu alionse.
Koma pamchombo pake panali chipsera
pomwe inkakhula mitu ya mabawuti.
Chimenecho chala changa chinawerenga.

Zaka makumi atatu ndagona chagada pansi pa magalimoto.
Ndamanga makilachi a malole a thonje
usiku, ndi koloboyi, mvula ili m'khosi,
osalakwitsa ngakhale kamodzi.
Mwezi watha ndinalephera kuona mulingo
pa botolo la mankhwala a mdzukulu wanga.
Ndinauza mkazi wanga kuti ndi utsi.

Tinaitembenuza.
Zuze ndiye analunjikitsa pakati,
ine ndinamanga mabawuti modumphitsa,
ili uku, lina uko, pang'onopang'ono,
poti manja sanaiwale njira yawo.
Tambala asanalire kachiwiri
giya inalowa phee, ngati mlendo waulemu,
pedulo n'kuluma pakati penipeni pomwe iyenera.

Mayi Nyakhuwa anabwera ndi mbuzi zawo pa ngolo.
Anafunsa kuti chinavuta n'chiyani.
Ndinatsegula pakamwa.
Mpweya, mayi, anatero Zuze msangamsanga,
akupinda chisanza, maso pansi.
Mpweya umavuta kutuluka kukatentha chonchi.

Ya tsiku lachiwiri sindinalipitse.
Pikapu inalowa mumsewu,
ndinaimvera patali ikusintha, thuu, firii, foo,
mpaka phokoso linamira m'minda ya mapira.

Pa tsiku la msika pamabwera mnyamata wa magalasi,
amayala pa thumba pafupi ndi ogulitsa mlamba wowamba.
Ndauza Zuze kuti tipitire limodzi,
atenge katoni ya kilachi ija
ndikayesere pomwepo kuwerenga.