Mbale za Bambo Zuze

Anatsika pa kabaza ya pa Bangula,
mnyamata wa ku Limbe, nsapato zoyera,
thukuta likutsikira m'kolala.
Akuti amagula mbale za galamafoni.

Ndinatsitsa sutikesi yachitsulo pa mtanda,
pomwe inapulumukira chaka chija
Shire atalowa m'nyumba osaodira.
Makumi atatu ndi ziwiri.
Bambo anazitolera imodziimodzi pa njanji ya ku Beira,
malipiro akathera m'nyimbo
mayi n'kutha masiku atatu osawayankhula.

Sanapemphe kumva ngakhale imodzi.
Ankaziloza kudzuwa, kuzipendeketsa,
kuwerenga timanambala ta pakati
ngati wogula thonje pa Ngabu.
Iyi yapindika ndi kutentha.
Iyi yang'aluka.
Kenaka anagwira yonyezimira, yopanda chipsera,
zala zake n'kuyamba kunjenjemera.
Anatchula mtengo wa mbuzi zisanu.

Ndinaseka.
Imeneyo bambo ankadana nayo,
ankati woimbayo ali ndi chimfine.
Singano inayendapo kamodzi kokha.

Yomwe anaikankhira pambali ndi chala,
yotuwa, mizere itafufutika,
ndi yomwe inkalira Loweruka lililonse pansi pa bwemba,
singano zikatha tinkasongola minga.
"Iyi, mayi, ngakhale ya mandasi siikwana."

Ndinamugulitsa yonyezimirayo.
Mbuzi zili m'khola, ziwiri zili ndi bere.

Yotuwayo tsopano imangoti waa
ngati mvula pa malata,
koma ndikapukusa chogwirira
ndimadziwabe pamene bambo ankalowera,
atatsinzina,
mochedwa pang'ono.