Ntchentche ya ku Aktobe

Sitima yausiku ikudula chipululu cha Kazakhstan.
Zhanar waika kapu ya tiyi patebulo,
yodzaza mpaka pakamwa. Osatayika.

Temirlan, mphuno pagalasi:
"Aphunzitsi akuti dziko limathamanga kuposa chipolopolo.
Nanga mphepo siitilanda bwanji zipewa?"

Mayiyo aloza ntchentche
imene yakwera ku Aktobe yopanda tikiti,
ikuuluka mwaulesi pakati pa mabedi.
"Mpweya wa muno uli nafe paulendo.
Kunja kwa dziko kulibe chouchotsa."

Supuni yagwa. Osati kumbuyo,
koma pansi penipeni, pansapato yake.
Dziko lakoka chake,
monga likokera nyanja, fumbi, mitambo,
ndi ngamila zagona panjazo,
ana oberekedwa kumsana,
osadziwa kuti mayi ali paliwiro.