Chikhomo cha ku Makhanga

Ruo atabwerera m'khwawa mwake
anasiya mchenga wofika m'chiuno pamene panali malire.
Mtengo wa masawu umene unkalekanitsa minda iwiri
unapita kunsi ndi mizu yomwe.

Ndinaoloka pa Mtayamoyo m'bwato lothonya,
bokosi lachikasu pamiyendo ngati khanda la eni.
A Zuze anandichingamira ndi khasu paphewa,
Mayi Dominga ndi pepala lonyowa n'kuumanso,
manambala a muyeso wakale akuonekabe mwa apo ndi apo.

Ndinaimika miyendo itatu pamchenga wootcha,
pamwamba pake kambale koyera.
"Kakuona chiyani kameneka?"
Sikaona, bambo, kamamva.
Kumwambaku, kupitirira akakowa, kupitirira mitambo,
kuli masetilaiti osagona,
iliyonse ndi wotchi yake pachifuwa,
iliyonse ikubwereza mawu omwewo:
ndili pano, nthawi ndi iyi,
ndili pano, nthawi ndi iyi.
Kambaleka kamawerenga kuchedwa kwa mawuwo panjira
n'kudziwa pamene taima.

"Ndiye tiuzenitu."

Ndinameza malovu.
Setilaiti nayo imanena pamene ikuganiza kuti ili.
Mwezi umaikoka malaya,
kuwala kwa dzuwa kumaikankha pang'onopang'ono
monga mwera ukankhira bwato la wopalasa wosinza,
ndipo wotchi yake, yodula kuposa ng'ombe zonse za ku Bangula,
imapunthwa ndithu.
Dulani sekondi imodzi m'tizidutswa biliyoni.
Kamodzi kakasochera kumwambako
pansi pano malire asuntha phazi lathunthu.
Tikasochera khumi,
mizere itatu ya mbatata yalowa kwa mnansi
popanda wogwira khasu.

Aliko anthu kutali, ndinatero,
oti sanalawepo nyika chaka cha njala,
amene amalonda mapazi a setilaiti ngati alenje
n'kulemba pamene inadutsadi,
osati pamene inalonjeza kudutsa.
Kalata yawo imatenga masabata awiri.

A Zuze anakanda mchenga ndi chala chakuphazi
mpaka dothi lakuda linasuzumira.
"Chinyontho sichidikira kalata, mwanawe.
Dzuwa la kuno mukulidziwa?"

Ndinalibe yankho. Thukuta linadontha pakabuku kanga
n'kufufuta seveni.

Mayi Dominga anapinda pepala lawo kanayi.
"Pamene mukukayikapo ndi papakulu bwanji?"
Ndinaponda: kuchoka apa,
imodzi, ziwiri, zitatu, kufika apo.
Anayang'ana mpatawo nthawi yaitali
monga munthu ayang'anira nsalu pamsika alibe ndalama.
"Khobwe ndili naye wa m'botolo.
Inu a Zuze muli ndi khasu.
Zakumwambazo zikagwirizana zidzatipeza."

Ndinasiya msomali m'chitsa cha simenti
n'kubwerera ku boma kukadikira.

Kalata ija inafika usiku, pafoni, magetsi atazima.
Njira za masetilaiti zowongoledwa,
mawotchi onse akunena chimodzi,
chokayikitsa chatsala chosaposa zala ziwiri.
Ndinasangalala ndekha mumdima, udzudzu ukuimba.

Nditabwerera ndinapeza khobwe ali ndi masamba anayi.
Ndinayeza kuchokera pamsomali wanga,
ndinayezanso,
chikhomo chinagwera pakati pa phando
ndipo ndinachita kupatula timasamba ndi dzanja
kuti nyundo isatiphwanye.

A Zuze anali kudambo ndi ukonde.
Mayi Dominga anapita kukalandira malata.
Mboni yanga inali kamtsikana kosenza chigubu,
kanaima, madzi akukhavukira pamapewa.
"Chimenechi sichisunthanso?"

Ndinati ayi.

Sindinakauze kuti nthaka yonseyi,
Makhanga, njanji yokwiririka, manda a pachulu,
ikuyenda mwakachetechete chakumpoto cha kum'mawa,
chala ndi theka pachaka,
itatisenza tonse ndi zikhomo zathu.
Sindinakauzenso za Ruo,
amene ali ndi wotchi yakeyake
ndipo sanatumizepo kalata.

"Takhuta," kanatero, n'kupitirira,
kakuponda bwinobwino pakati pa mizere.