Magalamu Mazana Atatu

Ntchito yanga ndi kuyeza.
Ndimakhala pa tebulo lachinayi, pa bwalo la ndege la ku Gdańsk,
kuyambira kunja kusanache,
ndipo sikelo yanga sinalirepo maliro a munthu.

Lamulo ndimalinena osayang'ana papepala:
chiweto chimodzi kwa munthu mmodzi,
chikwama chofewa, cha timabowo topumira,
chokwana pansi pa mpando wakutsogolo,
makilogalamu asanu ndi atatu, chikwama ndi wokhalamo pamodzi.
Kupitirira apo ndi kumunsi, kogona masutikesi.
Ndalama mulipira pano. Sizibwezedwa.

Lachiwiri lija chipale chofewa chinali chitada ndi matayala.
Bambo Ireneusz Wątroba, ulendo wa ku Bergen,
tikiti yopita yokha.
Mapepala anali atawasanja ngati akukalemba mayeso:
katemera wa chiwewe, chidindo cha dokotala wa ziweto,
nambala ya kachitsulo kobisika pakhosi pa mphaka.
Dzina la chiweto: Kluska.
Dzina la mwini: Wiesława, lodulidwa ndi mzere umodzi,
ndipo pamwamba pake, ndi inki ina, dzina lawo.

Anatsitsa chikwama pa sikelo ngati akugoneka khanda.
Manambala anavinavina, kenako zii.
Asanu ndi atatu, ndi magalamu mazana atatu.

Ndinati, pepani bambo.
Iwo anati, kunyumba anakwana, ndinamuyeza kawiri.
Ndinati, yovomerezeka ndi ino.
Anati, ndiwonjezera ndalama, tchulani.
Ndinati, kompyuta ilibe polemba zimenezo.
Anati, ali ndi zaka khumi ndi zisanu, mayi,
kumunsiko akafika ali wozizira.

Mzere kumbuyo kwawo unayamba kutsokomola.
Mnyamata wina anagogoda wotchi yake ndi chala,
yemwe ndodo zake za gofu zinali zitadutsa kale
popanda wozifunsa katemera.

Bambowo anagwada, natsegula zipi pang'ono.
Anatulutsa kambale ka madzi. Magalamu makumi anayi.
Kambewa kansalu kopanda khutu. Khumi.
Sikelo inali ikadali gwa.
Ndipo anapisa dzanja kunsi kwa mphaka,
nakoka juzi yobiriwira, yothothoka m'zigongono,
ubweya wa mphaka utalukana ndi ulusi wake
moti sukadadziwa analuka ndani.
Kluska anaikanirira ndi zikhadabo.
Anazichotsa chimodzichimodzi, akunong'ona mawu
amene sindinamve, ndipo sanali anga kuti ndimve.

Asanu ndi awiri, ndi kanthu pamwamba.

Ndinawapatsa jumbo. Anapukusa mutu.
Anavula chikhoti pamaso pa anthu onse aja
navala juziyo,
mabatani ali mbali ya chizimayi,
manja ake akuthera kutali ndi wotchi.
Kodi ine mundiyezanso?
Ayi bambo, anthu sitiyeza.

Khadi inalira, risiti inatuluka yotentha.
Ndinawerenga zotsala:
chikwama chisatsegulidwe m'ndege,
chiweto chikhale kumapazi kufikira mutatera,
chisakwere pamiyendo ngakhale chitalira.
Anamvetsera zonse, mutu uli pambali.
Nanga mkono? anatero.
Pali poletsa mkono kulendewera pansi,
pafupi ndi timabowo tija?

Ndinafufuza tsamba lonse, mpaka timalemba ta kunsi.
Za mkono panalibe.
Ndinawachotsa pakati, ndi kuwaika pawindo,
poti kumeneko ngolo ya khofi siponda zala.
Zimenezo kompyuta imalola.

Anapita, chikwama chili patsogolo m'manja awiri,
chikhoti chitaiwalika pa tebulo langa.
Mnzanga Zdzisław anawathamangira nacho.
Wotsatira, ndinaitana. Wotsatira.

Madzulo, ndikupukuta sikelo,
ndinapeza kaulusi kobiriwira katakodwa m'mphepete,
ndi timaubweya tiwiri totuwa.
Ndinakaika pakatikati, ndi kudikira.
Ziro, inatero sikelo.
Ndinadikirabe pang'ono.