Nkhosa za pa Mkuwa

Bambo anga, a Hillebrand, sanawetepo nkhosa.
Ankaziona patali Lamlungu, kuseri kwa linga la Haarlem,
n'kubwera nazo m'maso.

Ine yanga inali kandulo:
kufukiza phula la pa mkuwa mpaka lide bii,
kenako kutseka pakamwa.
Singano yawo inkangokanda phulalo,
osalasa chitsulo.
"Woluma ndi asidi, Aleydis," ankatero,
"ife timangomulozera njira."

Mkuwa ukamira m'beseni, thovu linkamera
pamsana pa nkhosa iliyonse,
ine n'kumalisesa ndi nthenga ya tsekwe,
maso akuyabwa, iwo akutsokomola,
khutu lili ku belu la tchalitchi.
Mtengo wapafupi ulumidwe kanayi,
mtambo kamodzi kokha.

Chifuwacho chinawatenga
madzi a m'ngalande atauma gwa ndi chisanu.

Lero ndapaka inki ndekha,
ndapukuta ndi chikhatho,
ndapukusa makina pa pepala lonyowa.
Kope la mazana atatu ili.
Mtambo unafufutika kalekale,
kankhosa kakumapeto kakuzilala.
Koma mbusa akadali chilili,
ndodo imene anaijambula kumanja
yatulukira kumanzere,
dzanja limene bambo ankadyera.